Matenda a Kapinga wa ku Ostrander

Merle Hostetler anafika pabwalo la mpira la koleji ya Ostrander State ali ndi zaka 27, chaka chimene bambo ake anagulitsa munda wa tirigu n'kusamukira kwa mwana wawo wamkazi. Ankangofuna ganyu wa miyezi itatu wotchetcha kapinga. Patatha zaka 34 anali akadali pompo, akutchetcha kapinga yemweyo. Dzina la udindo wake linasintha katatu. Anayamba ali wotchetcha, kenako wosamalira bwalo, kenako mkulu wa osamalira bwalo, ngakhale kuti osamalirawo anali awiri okha, iye ndi mnzake Ignacio Barela. Dzina lomaliza linali lalitali moti silinakwane pa kachikwangwani ka pachitseko cha shedi, ndiye analisindikiza papepala n'kumata ndi selotepi. Malipiro okha ndiwo ankadziwa kukhazikika malo amodzi.

Kuno kuzigwa za pakati pa America, tauni ya Ostrander imadzuka kasanu ndi kamodzi pa chaka. Masiku ena onse mumangoona nkhokwe za tirigu, matchalitchi ndi ophunzira oyenda atazolikira pa mafoni. Koma Loweruka la mpira alimi amabwera ndi mapikapu kuchokera kutali, n'kuyamba kuwotcha nthiti za nkhumba pamalo oimika magalimoto dzuwa lisanakwere, ndipo pofika masana anthu 40,000 amakhala akukuwira anyamata a zipewa zolimba amene akugundana polimbirana mpira wonga dzira uja. Merle anakhalapo pa masewera oposa mazana awiri, koma mukamufunsa amene anapambana ankayamba waganiza kaye. Iye ankayang'ana mapazi. Nsapato ikazula chibuma cha kapinga, malowo ankawasunga pamtima mpaka Lamulungu m'mawa.

Makoleji ambiri anazula kapinga kalekale n'kuyala wa pulasitiki, amene safuna madzi, feteleza kapena munthu. Ostrander inakanirira chifukwa ndi koleji ya zaulimi, ndipo akuluakulu ake ankaopa kuti alimi olemera amene amapereka mphatso angafunse kuti ana awo akuphunzira chiyani.

Lachinayi linali tsiku la penti. Merle ndi Ignacio ankalemba mizere ndi manambala, kenako zizindikiro ziwiri za ligi uku ndi uku, n'kumalizira mutu wa njati pakati penipeni pa bwalo. A ligi anali ndi kabuku ka masamba makumi anayi konena kukula kwa chizindikiro chawo, mtundu wake ndi mbali imene chiziyang'ana kuti makamera achione bwino. Chimene sichinali m'kabukumo ndi kapu imodzi ya mankhwala opinimbiritsa udzu imene Merle ankathira m'penti ya zizindikiro. Kapinga wopakidwayo ankasiya kukula kwa milungu isanu ndi umodzi, makina otchetchera sankadula pentiyo, ndipo njati ya ku Ostrander inkaoneka yatsopano pa kanema nyengo yonse, pamene zinyama za makoleji ena zinkafwifwa ngati malaya ochapachapa. Palibe anamuyamikirapo chifukwa palibe ankadziwa, kupatula Ignacio.

Mkazi wake Verna anagwira ntchito m'khitchini ya sukulu ya pulaimale mpaka nyamakazi itapinda zala zake moti sankathanso kugwira mpeni. Chimene chinamuwongola ndi jakisoni wa pa milungu iwiri iliyonse, amene mtengo wake pa chaka ndi wa pikapu yatsopano. Ankalipira ndi a inshuwalansi ya kuntchito kwa Merle. Boma limayamba kulipirira munthu chipatala akakwana zaka 65, ndipo Verna anali ndi 62. Choncho Merle sankafuna kukwezedwa kapena kupatsidwa wotchi yotsanzikana nayo. Ankafuna zaka zitatu zokha, makiyi a shedi ali m'thumba mwake.

Ostrander inkasewera mu ligi yotchedwa Plains Ten, ya makoleji khumi ndi awiri. Dzinalo linkanena za khumi, koma kulisintha kukanafuna komiti. Kampani ya kanema inkalipira ligiyo chaka ndi chaka kuti izionetsa masewera ake, makoleji n'kumagawana, ndipo gawo la Ostrander ndilo linkagula chilichonse pabwalopo, kuyambira matikiti a ndege a timu mpaka feteleza wa Merle. Ndiye kunali ligi ina yaikulu, Meridian, imene a kanema ankailipira katatu kuposa pamenepo. Meridian inayamba kutola. Chaka choyamba inatenga makoleji awiri, chachiwiri atatu. Merle anaphunzira kuwerenga zikalata za akulu a makoleji monga mmene bambo ake ankawerengera mitambo: mkulu akalengeza Lolemba kuti koleji yake ndi yokhulupirika ku Plains Ten mpaka kalekale, pofika Lachisanu kolejiyo inkakhala itapita. Anatsala asanu ndi awiri. Dzina linakhalabe la khumi.

A kanema ananena poyera kuti otsalawo adzawalipira theka kuyambira chaka chotsatira. Mlamu wake wa Ignacio, amene amagwira ntchito pa makina ochulukitsa mapepala ku ofesi yaikulu, anaona mndandanda wa zinthu zoti zidzadulidwe zikadzatero. Timu ya osambira inali pamwamba. Pa nambala 9 panalembedwa kuti kapinga wa pulasitiki angapulumutse maudindo awiri, ndiye kuti Merle ndi Ignacio achotsedwe ntchito. Ignacio anati mawu akuti kupulumutsa amukondweretsa, chifukwa sanadziwe kuti iye ndi Merle akumira.

Kuyambira pamenepo Merle ankatchetcha wailesi ili m'makutu. Tsiku lonse anthu ankaimba mafoni ku wailesi ya masewera kukangana ngati Meridian itenge Ostrander kapena ayi, ndipo akatswiri ankabwereza chinthu chimodzi: ligi yaikulu siyang'ana kuti timu imasewera bwanji, imawerenga nyumba za ma TV zimene zazungulira kolejiyo. Kuzungulira Ostrander kuli ng'ombe. Ignacio anati akanakhala mkulu wa koleji akanagulira ng'ombe iliyonse TV n'kuitana owerengawo. Merle anaseka kuti mnzake asakhumudwe, koma chakudya chinali chitayamba kumukanika.

Lachiwiri la mlungu wa masewera oyamba a pakhomo, kumayambiriro kwa Seputembala, kushedi kunabwera Kip Vandermolen. Ofesi ya zamasewera inali ndi mkulu mmodzi ndi achiwiri khumi ndi mmodzi, ndipo Kip anali wachiwiri woona za mmene koleji ikuonekera pamaso pa anthu, bambo wa zaka 35 wa nsapato zoyera zimene zinali zisanapondepo matope. Anatsitsa bokosi lamatabwa m'galimoto, ndipo asanalankhule anatseka chitseko cha shedi, chimene sichinatsekedwepo masana chiimangireni shediyo. M'bokosimo munali chikombole cha pulasitiki chopindidwa, chodulidwa chilembo chachikulu cha M mkati mwa mkombero. Chinali chizindikiro cha Meridian.

"Zatheka, mdala wathu," anatero Kip motsitsa mawu. "Lachisanu m'mawa akulu a Meridian akuvota. Akutenga awiri, Corliss ndi ife. Kwangotsala kusaina."

Corliss ndi koleji ya mumzinda yosewera mu ligi ina, adani a Ostrander kuyambira nthawi ya agogo. Merle anakhala pa chigubu cha penti.

Kip anafotokoza kuti akufuna chizindikirocho pakati pa bwalo, pamalo a njati. Apake Lachinayi, aphimbe ndi tenti kuti ophunzira asaone, ndipo chilengezo chikangotuluka kandege kojambula kadzauluka, tenti idzakokedwa, dziko lonse lidzaona. Anamupatsa pepala la malangizo, ndipo mzere wachitatu unali wodulidwa kunsi: penti ikhale yochoka ndi madzi, chifukwa maloya atero. Merle atafunsa za njati, Kip anaseka, nati aona Lachisanulo, koma anthu akasangalala mmene iye akuganizira, ndani angalimbe mtima kutsuka chinthu chimenecho Loweruka lisanafike? Anamuuzanso kuti asauze munthu, ngakhale mayi a kunyumba.

Lachinayi m'mawa Merle anayesa penti yochoka ndi madziyo kuseri kwa shedi. Inatuluka yotuwa ngati mkaka wothira madzi. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Pa zaka 34 dziko lonse linali lisanayang'anepo pakati pa bwalo lake nthawi imodzi, ndipo tsiku limenelo likafika lidzaone zimenezi? Panalinso china chimene sakanachinena kwa munthu wophunzira. Ankaona ngati kupaka chinthu ukukonzekera kudzachitsuka n'kudziitanira tsoka, ngati kugula mphete ya ukwati utasunga lisiti. Manja ake anachita zimene ankachita Lachinayi lililonse. Anatsegula penti yeniyeni, yoyera ndi yabuluu, anathira kapu ya mankhwala aja, n'kutakasa.

Ignacio anali kumapeto kwa bwalo akulemba manambala. Atabwera kudzathandiza kukoka tenti anaima, n'kununkhiza.

"Mdala, fungo ili ndikulidziwa."

"Gwira uko tikoke."

"Pepala lija linati chiyani?"

"Pepala silinapakepo bwalo. Gwira."

Anakoka. Asanaphimbe, Merle anaiyang'ana komaliza M ija. Inali ntchito yokongola kuposa zonse zimene anagwirapo.

Lachisanu voti inachedwa. Inayenera kutha isanakwane naini koloko, koma teni inakwana, leveni inakwana, dzuwa likuwomba tenti yakuda ija ngati chiwaya. Kandege kojambula kanali pansi m'mbali mwa bwalo, mwini wake akudya madonasi. Merle anali pa makina otchetchera kubwalo lophunzirira pamene wa pawailesi anadula nkhani ina pakati. Meridian yatenga awiri. Corliss, ndi koleji ina ya kugombe la kumadzulo, mtunda wa masiku atatu pa galimoto, imene chaka chatha inapambana masewera awiri okha koma yazunguliridwa ndi nyumba mamiliyoni atatu. Merle anazimitsa makina. M'makutu munali phokoso ngati la madzi.

Pasanathe ola mkulu wa koleji anatulutsa chikalata chonena kuti Ostrander State sinayang'anepo kwina, ndipo kukhulupirika kwake ku Plains Ten n'kosagwedezeka. Kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya ligiyo, chikalata choterocho chinali choona kuyambira tsiku limene chinalembedwa.

Kip anafika akuthamanga, nsapato zija zitadetsedwa. Analamula kuti atsegule mbali imodzi ya tenti, alowetse paipi, atsuke msangamsanga. Merle anatsegula madzi n'kuloza pa M. Madzi ankatsika oyera mbee ngati akumwa. Anatsuka mphindi khumi Kip ataima pambali, ndipo chilembocho chinkangowala.

"A Merle, bwanji sichikuchoka?"

"Yapsa ndi dzuwa, bwana. Tenti yakuda pa kutentha kumeneku, penti imamatirira."

Linali bodza la theka, ndipo Kip sankadziwa kanthu za penti koti angapeze theka linalo. Anangogwira pakamwa. Anagwirizana zopaka penti yobiriwira pamwamba pake kawiri, kenako njati. Anamaliza dzuwa likulowa. Loweruka anthu 40,000 anabwera atakwiya, anatukwana Meridian, anatukwana Corliss, timu inapambana, ndipo palibe anaona kanthu pansi pa njati. Lamulungu Merle anadya mazira atatu, Verna n'kudabwa.

Koma kapinga amakula. Pofika Lachitatu wa bwalo lonse anali atatalika, makina anamudula, penti yobiriwira ija inapita ndi zinyalala. Kapinga wa m'chilembo sanakule. Anakhala wamfupi, wothithikana, wobiriwira modera monga amachitira udzu womwa mankhwala aja, ndipo Merle atakwera pamwamba pa masitepe a owonerera, pomwe pamakhala kamera yaikulu, anaona miyendo iwiri ya M itatulukira kunsi kwa ndevu za njati, mkombero utazungulira nyanga. Anatsika akugwira zitsulo ndi manja onse.

Anayesa zonse. Anatsitsa mipeni ya makina kuti bwalo lonse lifupike mofanana, koma mtundu sunafanane. Anathira feteleza m'chilembomo kuti chidzuke, ndipo chinangoderapo. Ignacio anati adule kapinga wa pakatipo ayale wina, koma onse ankadziwa kuti kapinga woyala kumene sagwira, amasendeka pansi pa nsapato, ndipo bondo la wosewera mmodzi ndi lodula kuposa iwo awiri ndi shedi yomwe. Komanso kugula kapinga kumafuna fomu yosainidwa ndi achiwiri atatu, aliyense ndi funso lake. M'mawa uliwonse Merle ankagwada pakati pa bwalo ndi lula, kuyeza.  Anayamba kuimika pikapu yake kuseri kwa nyumba ya zaulimi kuti asakumane ndi aliyense wa ku ofesi.

Verna anamufunsa Lachiwiri la mlungu wachiwiri, pa chakudya cha masana, ataona kuti nyemba zazizira m'mbale mwamuna wake akungozisuntha. Merle anaulula zonse, kuyambira bokosi mpaka lula. Verna anamvetsera osamudula mawu.

"Ndiye akudziwa ndani?"

"Ignacio."

"Winanso?"

"Kapinga."

Verna sanaseke. Anayang'ana ku firiji, kumene ankasunga majakisoni ake m'kabokosi pambali pa batala. Anati kuyambira tsopano azibaya pa milungu itatu osati iwiri, kuti ena azitsala, zikavuta adzakhale ndi poyambira. Merle anati zimenezo ayi, adokotala analetsa.

"Bambo inu, pepala linakuletsani penti, munamva? Manjawa ndi anga."

Masewera achiwiri a pakhomo anali Loweruka lotsatira, ndipo a kanema anawaika masana, dzuwa lili pamutu, nthawi imene bwalo silibisa kanthu. Merle anapaka njati yonenepa kuposa kale lonse, ndevu zofika pachifuwa. Sizinathandize. M'chigawo chachiwiri cha masewera kamera ya pamwamba inakhala pakati pa bwalo nthawi yaitali kuposa mmene inkafunikira, ndipo mmodzi wa owulutsa mpira anafunsa mnzake ngati akuona zimene iye akuona. Anajambula mzere wachikasu pa kanema kutsatira chilembocho, mwendo uwu, mwendo uwo, mkombero. Anaseka mpaka kuiwala kuti pansi anthu akusewera. Masewera asanathe chithunzicho chinali m'mafoni a dziko lonse, ena atalembapo kuti Ostrander ili ngati munthu amene anadinda dzina la chibwenzi pachifuwa tsiku loti akanidwa. A ku Corliss anasindikiza malaya.

Lamulungu maloya a Plains Ten analemba kalata yaulemu kwambiri. Ankangofuna kudziwa ngati koleji ya Ostrander inapaka chizindikiro cha ligi ina pabwalo loonetsedwa pa kanema, chifukwa ngati inatero, ndime ina ya mgwirizano imalola kuti gawo lake la ndalama za kanema la chaka chimenecho ligawidwe kwa anzake asanu ndi mmodzi. Anzakewo, amene anali okhulupirika chifukwa chosowa wowatenga, anali ndi chidwi chachikulu ndi yankho.

Merle anaitanidwa Lolemba naini koloko ku nyumba ya maofesi, nsanja yachitatu, kumene anali atakwerako kawiri kokha m'moyo wake. Asananyamuke anachotsa makiyi a shedi, a thirakitala ndi a zipata pa mphete yake n'kuwamanga padera, kuti akawapempha asavutike nawo anthu akuona. Anavala malaya a kutchalitchi. Ignacio anamuperekeza mpaka pakhomo la nyumbayo osanena nthabwala ngakhale imodzi, ndipo zimenezo zinamuopsa Merle kuposa kalata ya maloya.

M'chipindamo munali tebulo lalitali, Kip kumapeto kwake atayang'ana pansi, ndi loya wa koleji, Mayi Ekdahl, amene anamupatsa moni ndi manja awiri n'kumufunsa ngati amwe khofi. Merle anakana. Mayiyo anakankhira pepala patsogolo pake. Merle analiwerenga kawiri chifukwa ulendo woyamba ankafufuza mawu akuti kuchotsedwa ndipo sanawapeze. Pepalalo linkanena kuti iye, monga katswiri wa zaka 34, wayeza kapinga wa pakati pa bwalo ndipo wapeza matenda a chuku, amene amafala mozungulira ndiponso m'mizere, ndipo nthawi zina, akaonedwa kuchokera pamwamba, amatha kufanana ndi zilembo.

Mayi Ekdahl anafotokoza mofatsa kuti anayamba apempha mphunzitsi wamkulu wa za matenda a zomera, koma iye wati ali ndi mbiri yoti aiteteze. Ndiye anaganiza za a Hostetler.

"Nanga bokosi lija?" anafunsa Merle, akuyang'ana Kip.

"Bokosi liti, a Merle?"

Merle anamva. Bokosi kulibe, ndiye kuti pepala la malangizo kulibenso, mzere wodulidwa kunsi uja kulibe, ndipo palibe angafunse kuti m'chigubu munali penti yanji. Anatembenukira kwa loya uja.

"Mayi, ndikasaina, ntchito ilipo?"

"Koleji ino sichotsa munthu chifukwa choti udzu wadwala, a Hostetler. Tingaoneke bwanji?"

Anasaina. Dzina lake linatuluka lopindika ngati la mwana wa sukulu. Kunja anapeza Ignacio atakhala pa khonde, ndipo atamuuza, Ignacio anati kuyambira lero azimutcha dokotala, komanso asamayandikane kwambiri chifukwa chuku chodziwa kulemba n'choopsa. Merle anabweza makiyi pa mphete. Madzulo ake anauza Verna kuti abwerere ku milungu iwiri, Verna anati aona.

A Plains Ten analandira yankholo. Sanalikhulupirire, koma ligi ya makoleji asanu ndi awiri silimbana ndi wachisanu ndi chiwiri. Mankhwala aja anatha mphamvu pakati pa Okutobala, kapinga anakula, M inamira.

Koma matenda akalembedwa papepala la koleji sachira okha. Mkulu wa zamasewera anakhazikitsa komiti yoona za thanzi la bwalo, ya anthu asanu ndi atatu, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anatsikako kukaliona bwalolo. Lipoti lawo linatuluka kumayambiriro kwa Novembala. Linati malinga ndi umboni wa katswiri wa koleji, a M. Hostetler, kapinga weniweni amagwidwa matenda osayembekezereka amene angathe kuchititsa koleji manyazi pamaso pa dziko. Komiti ikulangiza kuti payalidwe wa pulasitiki ndalama zikangopezeka. Merle anawerenga dzina lake m'lipotimo katatu. Linalembedwa molondola, koyamba chiyambireni ntchito.

Chimene chinamugwira mtima ndi mawu awiri omaliza aja, akuti ndalama zikangopezeka. Ndalama za kanema zinali kutsika ndi theka, timu ya osambira inali itauzidwa kale, ndipo pulasitiki woyala bwalo lonse si wotchipa. Merle, amene kwa zaka ziwiri ankapempherera kuti koleji ilemere, anayamba kuipempherera umphawi. Sanapemphe umphawi waukulu woti n'kutseka zipata, koma wapakatikati, wokhalitsa.

Lachinayi la masewera omaliza a pakhomo kunja kunazizira, mphepo ikuchokera kumpoto. Merle anali atagwada pa ndevu za njati pamene Kip anamuitana kuti abwere ndi kagalimoto ka batire kuchipata, kuli mlendo. Mlendoyo anali Alvin Stroud, mwini wa makola a ng'ombe aakulu kuposa onse m'chigawo chino, nkhalamba ya zaka 89 imene inasewerapo pabwalo lomwelo kanema asanabwere. Anali ndi botolo la mpweya pamiyendo, timapaipi tili m'mphuno. Merle anawakweza onse awiri n'kuwafikitsa pakati pa bwalo. Mkuluyo sanatsike. Anangotulutsa ndodo n'kubaya kapinga kawiri.

"Ndiwe mwini udzu wodwalawu?"

"Wachira, bwana."

"Zodwala sizichira, zimangopuma. Ndifunse ine." Anakhosomola kwa kanthawi, kenako analoza Kip ndi ndodo. "Uyu wakhala akundizungulira ngati khungubwe mwezi wathunthu. Ndamuuza kuti pulasitikiyo ndigula, ndipo pachipata padzalembedwa dzina langa. Koma ndili moyo sindipereka ngakhale senti. Ndaika mu wilo, adzalandira ndikafa. Adikire."

Kip anaseka mwaulemu, nati koleji ikufunira a Stroud zaka zambiri. Mkuluyo anamuuza kuti asiye kunama pamaso pa antchito. Anafunsa kuti kuyala pulasitiki kumatenga nthawi yaitali bwanji, ndipo Kip anayankha msanga kwambiri kuti milungu isanu ndi umodzi basi.

Merle anakumbukira zaka zitatu zija, n'kuyang'ana manja a nkhalambayo. Anali owonda, a mitsempha yabuluu, opanda magolovesi. Jekete lake linali lopyapyala, losamanga mabatani, ndipo mphepo inkalowa m'khosi. Chifuwa chinayambiranso, chakuya, chokoka, ndipo ulendo uno chinatenga nthawi kuti chileke.

Merle anavula jekete lake la ntchito, lothimbirira penti, n'kuwafunditsa a Stroud mpaka m'khosi. Mkuluyo anadabwa, nati m'koleji yonseyi wapeza munthu mmodzi woleredwa bwino. Kip anati adutse njira yachidule ya kuchipata cha kumpoto chifukwa ali ndi msonkhano. Merle anakhala ngati sanamve. Anatembenuza kagalimotoko kuti mphepo iwombe kumsana kwake, nadzera njira yaitali ya kumwera, pang'onopang'ono ngati wanyamula mazira, akuzemba bampu iliyonse, khutu lili pa kupuma kwa nkhalambayo.